Dzanja Limene Linalumbira

Desmond Tarrant anamwalira Lachinayi pa 11 Febuluwale 2016, m'chipatala cha m'tauni yathu, kum'mawa kwa Ontario. Anali ndi zaka 76. Liwu lomaliza limene anthu anamumva akulankhula linali lakuti "lamanja", ndipo analinena Lachiwiri masana chifukwa mkazi wake, Isobel Maclure, anamuuza kuti anene choncho. Ine ndinalipo.

Dzina langa ndi Lorne. Kuyambira mu 1977 mpaka pamene ndinapuma pantchito, ndinkaphunzitsa kawerengedwe ka zolemba zakale zapamanja payunivesite imene awiriwa ankaphunzitsanso. Ofesi yanga inali pakati pa maofesi awo, moti mkangano wawo ndinkaumvera m'makoma onse awiri.

Onse ankagwira ntchito pa ndakatulo zachikondi za m'Chingelezi chakale, zolembedwa pazikopa zaka mazana asanu kapena asanu ndi limodzi zapitazo. Ndakatulo zimenezi zili ndi njira yake yosasintha. Mwamuna amadzitcha wantchito wa dona wina wapamwamba amene sangamufikire. Anamuona tsiku lina m'mwezi wa Meyi, muvi unalowera m'diso n'kukaima mumtima. Sadya, sagona, waonda. Donayo watseka chipata. Mwamunayo akuti akufa, ndipo mankhwala ake ali ndi donayo yekha.

Mu 1988 Isobel anatulutsa buku losonyeza kuti zonsezi ndi nsinjiro chabe. Ankati "ine" wa m'ndakatulo si munthu, ndi chovala chimene alakatuli ankabwerekana. Ankauza ophunzira kuti afufuze kukokomeza, chibwereza, mafanizo, ndi mmene mlakatuli wasandutsira Chisoni ndi Manyazi kukhala anthu oyenda ndi miyendo. Koma asafunse kuti mwamunayo ankamva bwanji, chifukwa mwamunayo kunalibe.

Desmond ankatsutsa. Iye sanalembe buku. Analemba nkhani zitatu zazifupi za kafukufuku, zina zonse ankanenera m'khonde la maofesi, atanyamula kapu ya tiyi ya mkazi wake.

"Chovala chobwereka, ndavomera," ankatero. "Koma amene anachibwerekayo ankamva kuzizira. Apo ayi akanachibwerekeranji?"

Isobel ankayankha kuti, "Iwe, anthu akowo amafa m'ndime yachitatu n'kudzuka kudzalemba yachinayi. Tandionetsa manda amodzi okha."

"Mukumva, a Lorne? Dona wanga alibe chisoni. Zaka zonsezi ndikutumikira, malipiro anga ndi inki yofiira m'mphepete mwa pepala."

"Bweretsa tiyiyo asanazizire, wakufa iwe."

Desmond ankaweramitsa mutu, n'kupereka kapuyo ndi manja awiri. Anakwatirana mu 1971. Analibe ana.

Matenda oiwala anayamba kuonekera mu 2011. Poyamba anachoka mayina a misewu, kenako mayina a anthu, kenako Chingelezi cha masiku ano chinayamba kutha, liwu ndi liwu. Pofika mu 2014 Desmond sankathanso kupempha madzi. Koma ndakatulo zinatsala zathunthu. Ankazilakatula ndi katchulidwe kakale kaja, ndime zonse motsatana, osadumpha mzere. Mu Okutobala chaka chimenecho apolisi anamupeza m'mbali mwa msewu waukulu atavala masilipasi, ndipo Isobel anakamusiya kunyumba yosungirako okalamba, kutsidya kwa mtsinje. Maso a Isobel anali atayamba kufooka, sankaloledwanso kuyendetsa galimoto, choncho Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ndinkamuperekeza ndine.

Ogwira ntchito kumeneko ankaganiza kuti Desmond akulankhula Chijeremani. Namwino wa chigawo chake, Perla, mayi wochokera ku Philippines, ndi amene anayamba kupempha Isobel kuti azimasulira. Motero Isobel anakhala womasulira wa mwamuna wake.

Ndakatulo imene Desmond ankaibwereza kwambiri timaitcha "Madandaulo a Pachipata". Wolemba wake sadziwika, inalembedwa cha m'ma 1400. Mwamuna waima kunja m'nyengo yozizira, dona ali mkati, chipata n'chotseka. Ndinaona kuti Desmond ankaiyamba Isobel akamavala chikhoti kuti tizipita. Tsiku lina m'galimoto ndinamufunsa.

"Sukuona kuti amayamba ya pachipata ija ukamavala chikhoti?"

"Amaiyambanso akaona supuni. Ndi galamafoni, Lorne. Singano inagwera pamzere umodzi, basi."

"Mwina."

"Palibe za mwina. Ndikangoyamba kukhulupirira kuti akunena ine, ndimusiya bwanji kuseri kwa chitseko chokhoma ndi manambala chija? Ndimutengere kunyumba akagwe pamasitepe? Yang'ana msewu, usandiyang'ane ine."

Sindinafunsenso.

Lachiwiri pa 9 Febuluwale kunagwa chipale chofewa kuyambira m'mawa. Tinafika chakudya chamasana chitaperekedwa kale. Desmond anali pampando wake wa pawindo, atafunditsidwa bulangete kuyambira pamapewa, manja onse ali mkati. Supu ndi sangweji zinali patebulo osakhudzidwa. Nkhope yake inali yotuwa, ndipo pamphumi panali thukuta ngakhale kuti m'chipindamo simunkatentha. Ankalankhula motsitsa, osapumira.

Perla anatilandirira pakhomo.

"Mayi Maclure, mwachita bwino kubwera. Bambowa lero akana chakudya. Ndawayeza, thupi silikutentha, magazi akuthamanga motsika pang'ono koma amatero nthawi zina. Ndikawafunsa ngati penapake pakuwawa amangondiyang'ana n'kupitiriza nyimbo yawo. Tandimvetserani, akuti chiyani?"

Isobel anaika patebulo kabokosi ka timakeke ta batala timene anabwera nato, anakoka mpando, n'kumvetsera. Inali ya pachipata. Anamumasulira Perla mzere ndi mzere, ndi mawu aja ankawerengera m'kalasi:

"Dona, mwala wa mtima wanu mwaugoneka pachifuwa panga,
mpweya ukulowa mwa ine ngati mlendo wosaitanidwa.
Ndaima pachipata chanu chichokereni mbalame,
thukuta lili pankhope, chisanu chili m'mafupa."

"Mwala pachifuwa?" anatero Perla. "Ndi mpweya?"

"Ndi mawu a mu 1400, mwana wanga. Wakhala akuwanena iwe usanabadwe. Ankawanena potsuka mbale. Lachisanu lapitali anawanenanso iwe uli pompano."

"Zoonadi, kamvekedwe kake ndakukumbukira."

"Amuna onse a m'ndakatulo izi ali ndi mwala pachifuwa. Ndi kukokomeza. Akanakhala kuti amafadi nthawi iliyonse imene wanena kuti akufa, bwenzi nditamuika m'manda mu 1972."

Perla anaseka, nanenso ndinaseka. Anati abweranso kudzawayeza chakudya chamadzulo chisanafike, ndiponso auza dokotala amene ankabwera m'mawa mwake. Belu linalira m'chipinda china, ndipo anatuluka.

Isobel anayamba kudula kakeke ndi mpeni wapulasitiki. Desmond anafika pamzere wachisanu. M'Chingelezi chakalecho anati: "Dzanja langa lamanzere, limene ndinalumbirira kwa inu, lafa."

Mpeni unaima.

"Lamanja," anatero Isobel, osadzutsa mutu.

Pantchito yathu izi zimachitika zokha, ngati kuphethira. Ndakatulo zimenezi zinafika kwa ife kudzera mwa alembi okopera pamanja, ndipo alembi ankalakwitsa. Moyo wathu wonse tinaphunzitsidwa kuti tikamva liwu losayenera pamalo pake, tibwezeretse loyenera.

Desmond anasiya kulakatula. Anatembenuka n'kumuyang'ana Isobel kumaso, zimene anali asanachite kwa miyezi yambiri. Anayambanso mzerewo kuchokera poyamba, ndipo ananenanso kuti lamanzere.

"Lamanja, Desmond. Munthu salumbira ndi lamanzere. Lorne, tamuuza mnzakoyu."

"Makope onse atatu amene ndinawaona ali ndi lamanja," ndinatero. Zinali zoona.

"Wamva? Ndiponso lamanzere likuwononga fanizo lonse. Dzanja lolumbira ndi limene likufa, chifukwa dona waphwanya pangano. Unandiphunzitsa zimenezi ndiwe, ukundifunsira."

Kachitatu Desmond ananena mzerewo pang'onopang'ono, akupuma movutikira pakati pa mawu. Lamanzere.

Isobel anagogoda tebulo ndi chala, monga ankachitira ndi wophunzira wa chaka choyamba. "La-ma-nja."

Desmond anaweramitsa mutu, mmene ankachitira popereka tiyi.

"Lamanja," anatero.

"Eya. Ndiye bwino kumeneko."

Sanapitirize ndakatuloyo. Isobel anayesa kumudyetsa kakeke koma anakana. Anamupukuta thukuta pamphumi ndi kansalu, n'kumupsompsona. Pamene ankavala chikhoti, Desmond sanalankhule chilichonse. Aka kanali koyamba.

M'galimoto Isobel anakhala nthawi yaitali akuyang'ana chipale pagalasi. Titafika pamlatho anati, "Wayamba kusokoneza ndakatulo. Ndi chokhacho chimene chinali chitatsala."

Perla anamupeza Desmond atagwera mbali imodzi pampando chakudya chamadzulo chisanafike. Ambulansi inabwera msanga. Desmond sanatsitsimukenso.

Lachitatu dokotala wa za mtima, mayi wachitsikana, anatiitanira m'kachipinda kopanda windo. Anati mtsempha wopita kumtima unatsekeka, ndipo zikuoneka kuti unayamba kutsekeka Lachiwiri m'mawa. Anati kwa okalamba nthawi zambiri zizindikiro zimabisika. Kenako anafunsa funso limene amafunsa aliyense.

"Sanadandauleko za kulemera pachifuwa, kapena dzanzi m'dzanja lamanzere?"

Isobel anayang'ana khoma.

"Mwamuna wanga sankalankhula," anatero.

"Pepani, ndinaona m'mapepala awo."

"Akanabwera masana, zikanasintha?" anafunsa Isobel.

Dokotalayo anati sanganene. Pamsinkhu umenewo, mwina zikanasintha, mwina ayi. Anati tisadziimbe mlandu, chifukwa munthu wosalankhula n'kovuta kumudziwa.

Tinamuika m'manda pa 17 Febuluwale. Anzathu akale a kuyunivesite anabwera, ndipo wina anawerenga ndakatulo ya m'mwezi wa Meyi, ya mbalame ndi maluwa. Isobel ndi amene anaisankha. Ya pachipata sanailole.

Kumayambiriro kwa Malichi anandiimbira foni kuti ndipite kwawo. Ndinapeza tebulo lodyera litadzaza ndi zithunzi za masamba a zikopa, zokulitsidwa kuti maso ake azione. Anali makope atatu a "Madandaulo a Pachipata", awiri osungidwa ku England, limodzi ku America. Pamzere wachisanu pa lililonse anali atazunguliza ndi inki yofiira.

"Khala pansi. Tiyi ulibe, sindinagule mkaka," anatero. "Kodi ophunzira a chaka choyamba timawauza chiyani makope akasiyana?"

"Kuti asawerenge mavoti."

"Pitiriza."

"Kuti mlembi akakumana ndi liwu lachilendo amalisalaza, n'kuika lozolowereka. Choncho liwu lachilendolo kawirikawiri ndi limene mlakatuli analemba."

"Lamulo la Desmond lokondedwa. Ndaliphunzitsa zaka makumi atatu. Ndiye ine ndinachita chiyani? Ndinamusalaza, ngati kamlembi kaulesi kofuna kukadya." Anasuntha chithunzi chimodzi. "Ndipo makope ndi anayi, Lorne, osati atatu."

Ndinkadziwa. Mu Julaye 1974 Desmond analoledwa kukhala masana amodzi m'chipinda cha mabuku cha nyumba ina yakale ku Shropshire, ku England, mmene munali kope lachinayilo. Mwini nyumbayo, nkhalamba yokayikira aliyense, anakhala pambali pake nthawi yonseyo. Anakaniza kujambula, anakaniza ngakhale pensulo. Desmond anatuluka ndi ndakatuloyo m'mutu. Ankatiuza kuti kope limenelo likusiyana ndi enawo m'malo angapo, ndipo adzabwererako kuti akalembe bwinobwino. Malo osiyanawo sanatiuze, ankati akusungira nkhani yake yachinayi. Nkhalambayo inamwalira mu 1983, mabuku anagulitsidwa, ndipo wogula anapempha kuti dzina lake lisatchulidwe.

"Ngati kope limenelo lili ndi lamanzere," anatero Isobel, "ndiye kuti galamafoni inangosintha mbale. Anakumbukira za mu 1974, mtima unaima pa nthawi yake, ine sindikukhudzidwa. Komanso ndiye kuti Desmond anali atapita kalekale, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu ndinkakacheza ndi mpando."

"Nanga likakhala ndi lamanja?"

"Ndiye kuti anasintha yekha. Anali momwemo, Lorne. Anatenga mawu okhawo amene anatsala nawo, n'kusinthamo limodzi, podziwa kuti padziko lonse amene angamve kuti lasintha ndine. Ndipo ndinamvadi." Anaseka kamodzi, mouma. "Ndinamva, n'kumukonza."

Kenako anapitiriza.

"Ndiye kutinso ya pachipata ija ankanena ine. Nthawi zonse zija ndikuvala chikhoti. Ndiye kuti wakufa uja anawina mkangano, ndipo manda aja ndinkafuna kuonetsedwa ndawaona."

"Pali njira yachitatu," ndinatero. "Odwala matenda amenewa amasokoneza kumanja ndi kumanzere. Mwina linangoterereka."

"Katatu? Munthu amene sanalakwitsepo liwu limodzi chiyambireni kudwala? Unkamumva wekha. Zimenezo ndi zimene amalemba ophunzira akasowa chonena, kuti mlembi anali ndi tulo. Ndinkawapatsa ziro."

"Ukufuna likhale liti?"

"Sindikufuna lililonse. Ndikufuna kudziwa."

Kuyambira pamenepo tinayamba kufunafuna buku la ku Shropshire lija. Munthu amene anayendetsa malonda a mu 1983 anali atamwalira. Mwana wake anatiyankha kuti mapepala a bambo ake anawonongeka ndi madzi. Tinalembera nyumba zosungira mabuku za ku England, ku America ndi ku Australia. Zambiri zinayankha mwaulemu kuti bukulo zilibe. Mu Meyi 2017 tinakwera ndege kupita ku Shropshire. Nyumba ija inasanduka hotela yochitirako maukwati. M'chipinda cha mabuku munali matebulo ofundidwa nsalu zoyera, ndipo mashelefu anadzazidwa ndi mabuku ogulidwa pamulu kuti akongoletse khoma. Woyang'anira anatifunsa ngati tabwera kudzaona malo a ukwati wa mdzukulu wathu.

"Ayi, achimwene," anatero Isobel. "Tabwera kudzaona mtembo, koma wachotsedwa."

Munthuyo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za okalamba.

Mu 2018 osindikiza analemba kuti akufuna kutulutsanso buku la Isobel, popeza linali litakwanitsa zaka makumi atatu ndipo likuwerengedwabe m'mayunivesite. Anapempha mawu oyamba atsopano. Isobel anakana kuti lisindikizidwenso. Ndinamufunsa ngati tsopano akuganiza kuti bukulo linalakwa.

"Sindikudziwa. Likhoza kukhala lolondola tsamba lililonse. Ndi zimene zikundinyansazo."

Chaka chomwecho anasiya kupita ku kagulu kathu ka opuma pantchito kamene kamakumana Lolemba kuwerenga ndakatulo zakale. Anati akamva "ndikufa" sakudziwanso choti achite nalo. Akalitenga ngati nsinjiro amaona thukuta lija. Akalitenga ngati zoona, ndiye kuti anthu mazanamazana anafuula pazikopa zimenezi, ife n'kumawerenga chibwereza chawo.

Maso ake anapitiriza kufa. Pofika chilimwe cha 2019 sankathanso kuwerenga zilembo zakale ngakhale zitakulitsidwa kudzaza tebulo. Zithunzi zitatu zija zili pomwepo, koma amazizindikira ndi kachizungulire kofiira kokha. Makalata ndimamuwerengera ndine, ndipo ndimalemba zimene wandiuza.

Tsiku lina mu Sepitembala, ndikutseka envelopu, anandigwira pamkono.

"Likadzapezeka, wowerenga mzerewo udzakhala iwe."

"Ndikudziwa."

"Usadzandisankhire. Ndikukudziwa, uli ndi mtima wa phala. Udzayang'ana tsambalo, udzayang'ana ine, n'kunena limene ukuganiza kuti lipweteka pang'ono."

"Sindikudziwa n'komwe kuti limenelo ndi liti."

"Nanenso. Komabe lumbira."

Ndinalumbira. Anafufuza ndi zala kuti amve dzanja limene ndakweza, kenako analisiya.

Mu Novembala 2019 wogulitsa mabuku akale wa ku London anatiyankha. Anati bukulo linadutsa m'manja mwake mu 1996. Analikumbukira chifukwa chikuto chake chinali chodyedwa ndi mbewa pakona. Ndakatulo ya pachipata ili chakumapeto, kuseri kwa tsamba la 41, yolembedwa ndi inki yofiirira. Iye sanaiwerenge, popeza Chingelezi chakale sachidziwa. Analigulitsa kwa munthu wina wa ku Switzerland amene amasunga mabuku ake mosungira chuma ndipo salola alendo. Dzina lake sangatiuze, koma anavomera kumutumizira makalata athu.

Tinapempha chinthu chimodzi chokha: chithunzi cha mzere wachisanu, kapena kuti wina atiuze liwu limodzi limene lili pamenepo. Kalata yoyamba inapita pa 25 Novembala, yachiwiri pa 16 Disembala. Wa ku London uja anatsimikiza kuti zonse ziwiri zinafika. Isobel tsopano ali ndi zaka 77, ndipo dokotala wa maso wamuuza kuti diso limene likuonabe pang'ono silifika chaka chamawa. Kalata yachitatu ndinaitumiza pa 6 Januwale 2020. Yankho silinabwere.